Ulimbo wa m'madzi oipitsidwa: zimene mabakiteriya opirira poizoni amapanga

Aliyense amene anawolokapo Revubwe wapansi m'chilimwe, madzi atachepa cha kumtunda kwake ku Angónia, amadziwa kuti mwala wooneka wosalala bwino ndi umene umagwetsa munthu. Pamwala wotero pamakhala kanthu kopyapyala koterera kamene ambiri timangokatcha ndere, ndipo nthawi zina kamakhaladi ndere, koma gawo lalikulu la kutererako limachokera ku mabakiteriya amene amanga mudzi wawo pamwalapo n'kudzikuta ndi zinthu zonanda. Zonanda zomwezo zimapezeka m'kati mwa chigubu chimene chakhalitsa osatsukidwa, m'ngalande ya kuseri kwa galaja kumene kumatsikira oyilo wakuda, ndiponso pamano a munthu amene wagona osatsuka m'kamwa atadya nzimbe. Mayi wotsuka chigubu amangoona litsiro, komabe zinthu za mtundu umenewu makampani amazigulitsa pa matani masauzande ambiri chaka chilichonse, ndipo ofufuza ayamba kukazifunafuna dala m'malo oipitsidwa kwambiri, monga m'madzi a m'migodi ndi m'dothi lothiridwa mafuta.

Mawu akuti shuga amatikumbutsa wa mu tiyi, koma kwa asayansi shuga ndi banja lalikulu la tinthu ting'onoting'ono, monga glucose, fructose, galactose ndi mannose, timene tingatiyerekeze ndi mikanda ya mitundu yosiyanasiyana. Mkanda umodzi, kapena iwiri yolumikizana, imasungunuka msanga m'madzi ndipo imatsekemera. Mikandayo ikatungidwa mazanamazana kapena masauzande pa ulusi umodzi, kutsekemera kumatha ndipo pamatuluka chingwe chachitali chotchedwa polysaccharide. Sitachi wa mu ufa wa chimanga ndi chingwe chotero, thonje nalonso, ndipo kunanda kwa therere kumachokera ku zingwe za banja lomweli zimene zimakolanakolana m'madzi n'kuwagwira kuti asayende momasuka. Mabakiteriya ambiri amapanga zingwe zawozawo n'kuzitulutsira kunja kwa thupi, n'chifukwa chake zimatchedwa exopolysaccharide, mwachidule EPS. M'nkhani ino tizizitcha ulimbo wa mabakiteriya, ngakhale kuti si wonse umene umamata ngati ulimbo wokolera mbalame.

Chimene chimapatsa chingwe khalidwe lake ndi katungidwe. Sitachi ndi thonje zonse zimapangidwa ndi mkanda wa mtundu umodzi, glucose, koma china timadya n'kukhuta pamene china timavala ndipo mimba ya munthu singachigaye ngakhale pang'ono. Kusiyana konseko kuli pa mmene mkanda uliwonse walumikizidwira ku unzake. Tsono bakiteriya akasakaniza mitundu itatu kapena inayi ya mikanda, n'kuika nthambi m'mbali ndi timagulu ta asidi apa ndi apo, zingwe zimene zingatuluke n'zosawerengeka. China chimalimbitsa madzi ngakhale muli mchere wambiri, china chimauma ngati phala lozizira chikatenthetsedwa, china chimagwirizanitsa mafuta ndi madzi. Apa m'pamene pali chifukwa chimene munthu angapitirizire kufunafuna mabakiteriya atsopano ngakhale pamsika pali kale ulimbo wa mitundu ingapo.

Bakiteriya ndi wamng'ono moti mabakiteriya 1,000 atandandalikana angakwane milimita imodzi kapena ziwiri zokha, ndipo kwa kanthu kotero shuga ndi chuma chosati n'kuseweretsa. Ngati amawononga shuga wochuluka chonchi popanga zingwe zotayira kunja, ndiye kuti phindu lake ndi la moyo ndi imfa. Ulimbowo umamumata pamwala kuti madzi asamukokolole. Umasunga chinyezi pamene dothi lauma, nkhani yosafunika kufotokozera munthu amene amadziwa dzuwa la mumzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40. Umatchinganso tizilombo tokulirapo timene timadya mabakiteriya, ndipo umachedwetsa mankhwala akupha kuti asalowe msanga. Mudzi wa mabakiteriya wokutidwa chonchi umatchedwa biofilm, ndipo m'midzi yambiri yotero mabakiteriya enieniwo sakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a zinthu zouma. Zotsalazo ndi mpanda wawo, umene muli zingwe za shuga pamodzi ndi mapuloteni ndi zidutswa za DNA.

Pa nkhani ya malo oipitsidwa, ntchito yofunika kuimvetsa bwino ndi ya kugwira zitsulo. Mtovu, kopa, cadmium ndi zinc zikasungunuka m'madzi zimayenda ngati tinthu tokhala ndi mphamvu ya magetsi ya mbali ya pulasi. Zingwe zambiri za mabakiteriya zimakhala ndi mikanda ya asidi, monga glucuronic acid, komanso timagulu ta phosphate kapena sulphate, ndipo zonsezi zili ndi mphamvu ya mbali ya mainasi. Mbali ziwirizi zimakokana, choncho chitsulo chimene chikanalowa m'thupi la bakiteriya n'kukawononga ma enzyme ake, mapuloteni amene amayendetsa ntchito za m'thupimo, chimakodwa kunja, pampanda. Kugwira kumeneku kumadalira kwambiri kuchuluka kwa asidi m'madzimo, chifukwa madzi akakhala a asidi wambiri tinthu ta hydrogen timalanda malo amene chitsulo chikanakhala, ndipo ulimbowo umachitaya. Chofooka chimenechi chili ndi ubwino wake: munthu akhoza kukola zitsulo ndi ulimbo m'madzi wamba, kenako n'kuzimasula ndi asidi pamalo amodzi otetezeka, n'kugwiritsanso ntchito ulimbo womwewo.

Malo oipitsidwa amagwira ntchito ya lichero. Mu supuni imodzi ya dothi la m'munda muli mabakiteriya mamiliyoni ambirimbiri a mitundu yosawerengeka, ndipo kupeza mmodzi wopirira mtovu pakati pawo ndi ntchito yotopetsa. Koma dothi likakhala zaka likuthiridwa madzi a zitsulo kapena oyilo, poizoniyo amapeta yekha: osapirira amafa, opirira amatsala n'kuchulukana. Wofufuza akafika amapeza kupeta kwachitika kale. Chinanso n'chakuti mabakiteriya ambiri amachulukitsa ulimbo akapanikizika ndi mchere, chilala kapena zitsulo. Komabe tisaganize kuti bakiteriya aliyense wopirira zitsulo amadalira ulimbo. Wotchuka kwambiri pa kupirira, Cupriavidus metallidurans CH34, amene anapezeka mu 1976 m'thanki ya fakitale ya zinc pafupi ndi Liège ku Belgium, amadalira makamaka timapampu ta pakhungu lake timene timatulutsa chitsulo chikangolowa. Ena amasandutsa mercury, chitsulo chamadzimadzi cha poizoni, kukhala mpweya n'kumuuluza. Malo oipitsidwa amangokweza mwayi wopeza ulimbo wabwino, sakulonjeza kuti upezeka.

Mbiri ya ulimbo umene uli kale pamsika ndi yodabwitsa, chifukwa wina wotchuka kwambiri unayamba ngati chosokoneza. Dextran ankadziwika m'zaka za m'ma 1800 ngati zonanda zowononga vinyo ndi kutseka zipangizo za m'mafakitale a shuga, ndipo Louis Pasteur anasonyeza mu 1861 kuti zimachokera ku tizilombo. Mpaka lero mafakitale a nzimbe, kaya ku Marromeu m'munsi mwa Zambezi kapena ku Nchalo kutsidya kwa malire, amafulumizitsa nzimbe zodulidwa kuti zigayidwe msanga, popeza zikachedwa bakiteriya wotchedwa Leuconostoc mesenteroides amasandutsa shuga kukhala dextran, madzi a nzimbe n'kunanda ndipo shuga n'kukana kuuma bwino. M'zaka za m'ma 1940, Anders Grönwall ndi Björn Ingelman a ku Sweden anaona kuti dextran woyeretsedwa akhoza kuikidwa m'mitsempha ya munthu wotaya magazi ambiri kuti agwirizize kuchuluka kwa madzi a m'magazi. Ku Peoria, ku Illinois m'dziko la United States, Allene Jeanes wa mu labotale ya boma ya zaulimi analandira botolo la chakumwa chotsekemera chimene chinali chitananda, ndipo bakiteriya wa m'botolomo, amene anapatsidwa nambala ya B-512, ndi amene anathandiza kupanga dextran wochuluka wa asilikali ovulala pa nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953.

Xanthan, amene ndi mfumu ya ulimbo wonse wa mabakiteriya pa malonda, alimi a kabichi a ku Tsangano ndi ku Domwe amamudziwa mwini wake ngakhale sanamvepo dzina. Matenda amene amayamba ndi chikasu m'mphepete mwa tsamba, n'kumalowa m'kati mosongoka, mitsempha ya tsamba n'kuda, amabwera ndi bakiteriya wotchedwa Xanthomonas campestris, ndipo ulimbo wake ndi umene umathandiza kutseka njira za madzi m'tsambalo. Gulu la Jeanes lomwelo linaufufuza m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kelco inayamba kuupanga chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo chakumapeto kwa zakazo unaloledwa m'zakudya. Ukaona E415 pa botolo la sosi kapena pa zakudya zina za m'sitolo, ndi womwewo, ndipo umapezekanso m'mankhwala otsukira mano. Magalamu osakwana 5 pa lita amakwana kulimbitsa madzi. Khalidwe lake lapadera n'lakuti ukakhala phee umalimba, koma ukatakasidwa umafewa n'kuyenda, ndipo n'chifukwa chake obowola zitsime za mafuta ndi mijigo ina yakuya amauika m'matope obowolera: pampu ikamayenda matope amathamanga, ikaima amalimba n'kugwira zidutswa za miyala kuti zisagwere pansi n'kukanikiza chobowolera. Gellan, amene ndi E418, anachokera kwa bakiteriya wopezeka pa chomera cha m'dziwe ku Pennsylvania mu 1978.

Tinene mosabisa kuti atatu onsewa sanachokere m'migodi kapena m'malo otayira zinyalala za mafakitale. Umboni wakuti malo oipitsidwa amapereka ulimbo wapadera uli pa zitsanzo zina, zocheperapo pa malonda koma zomveka bwino. Mu 1972 ofufuza a ku yunivesite ya Tel Aviv, Reisfeld, Rosenberg ndi Gutnick, anafotokoza bakiteriya wa m'madzi a m'nyanja amene amakula pa mafuta osayengedwa, ndipo dzina lake, RAG-1, linatengedwa ku mayina awo. Bakiteriya ameneyu, wa mtundu wa Acinetobacter, ali ndi vuto lakuti chakudya chake sichisakanikirana ndi madzi amene iye amakhalamo. Yankho lake ndi chingwe cha shuga chokhala ndi timichira ta mafuta m'mbali, chotchedwa emulsan, chimene chimakuta timadontho ta mafuta n'kutisunga tobalalika m'madzi, monga mmene sopo amachitira pa mbale ya mafuta. Emulsan anayesedwa potsuka matanki a mafuta ndi kufewetsa mafuta olimba kuti ayende m'mapaipi. Apa mgwirizano wa malo ndi ulimbo ukuoneka poyera, chifukwa khalidwe la chingwecho linatsata vuto la kumene bakiteriyayo amakhala.

Curdlan naye ali ndi chiyambi chofananako. Tokuya Harada wa ku Osaka, ku Japan, ankafufuza mabakiteriya a m'dothi okhoza kudya mankhwala ochokera ku mafuta a pansi, ndipo kuchokera mwa mmodzi wa iwo munatuluka chingwe cha glucose yekhayekha chimene anachitcha curdlan mu 1966, chifukwa chimaundana chikatenthetsedwa. Lero chimathiridwa m'zakudya zina ku Asia kuti zikhale zonjanja. Palinso ulimbo umene palibe amaugula pa kilogalamu koma mizinda yambiri ya padziko imaudalira. Mu 1914 Edward Ardern ndi William Lockett a ku Manchester anasonyeza kuti madzi a m'zimbudzi akapoperedwa mpweya, tizilombo timasonkhana m'timibulu timene timadya zonyansa kenako n'kumira, madzi a pamwamba n'kutsala oyera. Timibuluto timagwirana ndi ulimbo wa mabakiteriya monga Zoogloea, ndipo popanda ulimbowo njira yonseyi singagwire ntchito. Sikulakwa kukumbukira pano kuti ngakhale mankhwala a cephalosporin, amene zipatala zathu zimabaya odwala, anayambira pa nkhungu imene Giuseppe Brotzu anaitenga mu 1945 pamalo otsikira madzi a zimbudzi m'nyanja ku Cagliari, ngakhale kuti imeneyo inali nkhungu ndipo chimene inapereka si ulimbo.

Chitsanzo chimene chimatikhudza kwambiri kuno ku Tete ndi cha migodi ya malasha. M'malasha ndi m'miyala yowazungulira mumakhala kawirikawiri mwala wonyezimira ngati golide wotchedwa pyrite, wopangidwa ndi chitsulo cha ayironi ndi sulufule. Ukakhala pansi sulakwa kanthu, koma ukafukulidwa n'kukumana ndi mpweya ndi mvula umatulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula zitsulo zina za m'miyala. Mu 1947 Colmer ndi Hinkle, pofufuza madzi a asidi a m'migodi ya malasha ku United States, anapeza kuti pali bakiteriya amene amafulumizitsa zimenezi kwambiri, amene lero amatchedwa Acidithiobacillus ferrooxidans. Iye sadya shuga wa wina. Mphamvu amazipeza pa ayironi ndi sulufule, ndipo thupi lake amalimanga ndi mpweya wa carbon dioxide. Amadzimata pa pyrite ndi ulimbo wake, ndipo mu kampata kopyapyala ka ulimbowo amasungamo ayironi wosungunuka amene amadya mwalawo pang'onopang'ono. Kumgodi wa malasha ameneyu ndi mdani. Koma ku Chile khalidwe lomwelo limagwiritsidwa ntchito dala, pothira madzi a asidi pa milu ya miyala ya kopa wochepa kuti mabakiteriya a mtundu umenewu amasule kopayo.

Ku Moatize malasha akhala akukumbidwa kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo migodi ikuluikulu yapamtunda inayamba kutulutsa malasha mu 2011. Si mgodi uliwonse wa malasha umene umatulutsa madzi a asidi, chifukwa kumene miyala ili ndi laimu wokwanira asidiyo amafa, ngakhale kuti madziwo amatsala ndi mchere wa sulphate wambiri. Mulimonsemo, madzi okhala m'maenje a migodi ndi otsika pa milu ya miyala yotayidwa ndi dziko lina kwa tizilombo, losiyana ndi la m'madimba a ku Ulongwe. Kumpoto kwa chigawo chino, cha ku Chifunde ndi Macanga, kuli okumba golide pamanja, ndipo kulikonse kumene okumba otere amagwiritsa ntchito mercury pokola golide, matope a m'mitsinje amasanduka lichero la mtundu wina. Kuwonjezera apo pali dothi la m'magalaja ndi m'malo oimikapo magalimoto akuluakulu pamsewu wa ku Zóbuè, ngalande za m'misika ndi za kophera ng'ombe, zonsezi pansi pa kutentha kumene mabakiteriya a kumayiko ozizira sanakuzolowere. Bakiteriya wokula bwino pa madigiri 40 ali ndi phindu lapadera, chifukwa thanki yopangira ulimbo imatentha yokha ndipo kuiziziritsa kumadya magetsi. Xanthan amapangidwa pa madigiri pafupifupi 28 mpaka 30.

Ntchito yoyamba ya kufufuza si yodula monga mmene ambiri amaganizira, ndipo ili m'manja mwa labotale wamba ya yunivesite, monga za UniZambeze, imene ili ndi sukulu ya zaulimi ku Ulongwe ndi ya zaumoyo mumzinda wa Tete, kapena za Instituto Superior Politécnico de Tete. Wofufuza amatenga matope kapena madzi m'botolo loyera, n'kulemba malo, tsiku, kutentha ndi kuchuluka kwa asidi. Amawasungunula kangapo n'kuwapaka pa mbale za agar, phala loundana lomeretserapo mabakiteriya, zothiridwa shuga wambiri, ndipo ngati akufuna opirira chitsulo amathiramonso pang'ono chitsulocho. Pakatha tsiku limodzi kapena angapo pamamera timilu ta mabakiteriya, ndipo tonyezimira ndi tonanda ndi timene amatifuna. Akakhudza kamulu ndi kawaya n'kukweza, kaulusi kamatsatira monga therere pa chipande. Kamulu kotero amakasamutsira m'madzi a chakudya chokhala ndi shuga wambiri koma nayitirojeni wochepa. Chifukwa chake n'chosavuta: popanda nayitirojeni wokwanira bakiteriya sangapange mapuloteni oti achulukane, choncho shuga wotsalayo amamutembenuzira ku ulimbo.

Pakatha masiku angapo madziwo amazunguzidwa m'makina othamanga kuti mabakiteriya amire, ndipo pa madzi otsala pamathiridwa mowa wa mu labotale wotchedwa ethanol, wozizira, wochuluka kawiri kapena katatu. Zingwe za shuga sizisungunuka mu ethanol, choncho zimatuluka ngati ulusi woyera kapena ufa. Pofuna kudziwa kuchuluka kwa shuga, ambiri amatsatabe njira ya Dubois ndi anzake ya mu 1956, imene imasandutsa madzi a shuga kukhala achikasu chofiirira ukathira phenol ndi asidi wa sulufule. Kufika apa zonse n'zotheka ndi zipangizo zochepa. Chimene chimafuna makina odula, ndipo kawirikawiri mgwirizano ndi labotale za kwina, ndi kuwerenga jini, kapena kuti kachidutswa ka DNA, yotchedwa 16S kuti bakiteriyayo adziwike dzina, ndi kuona katungidwe kenikeni ka mikanda pogwiritsa ntchito makina monga a NMR. Tiyeneranso kukumbukira kuti mabakiteriya ambiri a m'chilengedwe amakana kumera pa mbale, moti zimene wofufuza amaona ndi kachigawo kochepa chabe ka zimene zinali m'matopemo.

Kuchokera pa kaulusi ka pa kawaya kufika pa thumba la ufa wogulitsa pali mtunda wautali, ndipo pa mtunda umenewu m'pamene zofufuza zambiri zimathera. Vuto loyamba ndi la chitetezo. Madzi a m'ngalande amapereka mosavuta mabakiteriya onanda kwambiri, koma ena mwa iwo ndi Klebsiella pneumoniae ndi Pseudomonas aeruginosa, amene ulimbo wawo ndi chida chowathandiza kupirira m'mapapo ndi m'mabala a odwala. Kuchulukitsa tizilombo totero m'thanki ya malita masauzande ndi kuitana tsoka. Komanso majini opirira zitsulo amayenda kawirikawiri pa kachingwe ka DNA kamodzi ndi majini opirira mankhwala a m'chipatala, choncho lichero lomwe lija limapetanso mabakiteriya osamva mankhwala. Mabakiteriya ambiri a gulu lalikulu lotchedwa Gram-negative ali ndi poizoni wa pakhungu amene amatenthetsa thupi kwambiri akalowa m'magazi, ndipo kumuchotsa mu ulimbo wopita m'mankhwala ndi ntchito yodula. Njira imodzi yozembera mavutowa ndi kusamutsa majini opanga ulimbo kupita mwa bakiteriya wofatsa. Zinachitikapo ndi hyaluronic acid wa m'mafuta odzola ndi wa m'mankhwala a maso ndi mawondo, amene poyamba ankatengedwa ku kanyama kofiira ka pamutu pa tambala, kenako kwa Streptococcus, ndipo pambuyo pake anapangidwanso ndi Bacillus subtilis wopatsidwa majiniwo.

Vuto lachiwiri ndi la ndalama, ndipo kwa ine ndi limene limapha ziyembekezo zambiri. Mafakitale a xanthan amatulutsa magalamu makumi angapo pa lita, pamene mabakiteriya ambiri ongopezedwa kumene amapereka osakwana galamu imodzi kapena magalamu ochepa. Ulimbo ukamachuluka m'thanki, madzi amalimba, mpweya umavutika kulowa ndipo makina otakasa amadya magetsi ambiri. Ethanol kapena mowa wina wotulutsira ulimbowo umafunika wochuluka ndipo uyenera kutchezedwanso kuti ugwire ntchito kachiwiri, apo ayi mtengo sungapirike. Ndiye pali kuyesa kwa zaka kumene maboma amafuna chinthu chisanaloledwe m'chakudya: gellan anapezeka mu 1978, koma Japan inamulola mu 1988 ndipo United States inamulola mokwanira mu 1992. Munthu akamva kuti bakiteriya wa m'ngalande yakuti angapereke mankhwala kapena chakudya chatsopano, ayenera kufunsa kuti wapereka magalamu angati pa lita, wadya chiyani, ndipo wayesedwa pa chiyani.

Pa zifukwa zimenezi, ndikuona kuti ntchito zoyandikira kwambiri kwa ife si za chakudya kapena za jakisoni, koma zimene sizifuna ulimbo woyeretsedwa. Malo otsukira malasha amadalira mankhwala osonkhanitsa tinthu toyandama kuti timire msanga n'kubwezeretsa madzi, ndipo ambiri mwa mankhwalawo ndi a polyacrylamide ochokera kunja. Ulimbo wa mabakiteriya ukhoza kugwira ntchito yofananayo, monga mmene ufa wa nthanga za chamwamba umayeretsera madzi a matope, ndipo ukatha ntchito umawola. Pokola zitsulo m'madzi sipafunika n'komwe kuchotsa ulimbo mwa eni ake. Madzi amangodutsitsidwa pa miyala kapena mchenga wokutidwa ndi biofilm yamoyo. M'dothi, ulimbo ndi umene umamata timchenga kukhala timibulu tosunga chinyezi, choncho mabakiteriya opirira zitsulo, mchere ndi kutentha angathandize udzu ndi mitengo kugwira pa milu ya miyala ya kumgodi imene payokha singamere kanthu. Chakudya chawo sichiyenera kukhala shuga woyera wa mu sitolo, popeza madzi akuda otsala pophika shuga m'mafakitale a nzimbe, gaga, makoko a mbatata ndi madzi a chinangwa zonse zili ndi shuga kapena sitachi woti mabakiteriya ena angadye, ngakhale kuti sitachiyo nthawi zina amafunika kuyamba wagayidwa.

Pali chinthu chimodzi chosayenera kusokonezeka. Zimene malo oipitsidwa amapereka ndi mbewu, bakiteriya weniweniyo, ndipo mbewuyo imakwana m'kabotolo kamodzi. Ikangotengedwa, ulimbo umapangidwa m'thanki yoyera ndi madzi oyera, ndipo palibe chifukwa chilichonse chosiyira mtsinje uli woipa. Banja limene likumwa madzi a m'munsi mwa malo otsukira golide silipindula kanthu ndi bakiteriya wopirira mercury wa m'matopemo, makamaka popeza mabakiteriya ena a m'matope opanda mpweya amasandutsa mercury kukhala methylmercury, amene amaunjikana m'nsomba ndipo ndi amene anavulaza anthu a ku Minamata, ku Japan, m'zaka za m'ma 1950. Ulimbo nawonso suwononga chitsulo, umangochigwira, ndipo matope odzaza mtovu amene atuluka amafunabe malo osungirako.

Kuchepa kwa mbewuyo ndi kumene kumabweretsa funso la umwini, chifukwa kabotolo ka matope kamadutsa pa chipata cha malire mosavuta kuposa thumba la chimanga. Ku Kenya, ma enzyme ochokera ku tizilombo ta m'nyanja za mchere za ku Rift Valley anafika pamsika wa sopo ndi wa kufewetsa nsalu za jinzi, ndipo mu 2004 bungwe la Kenya Wildlife Service linadandaula kuti dzikolo silinapezepo gawo lake. Mgwirizano wa Nagoya wa mu 2010, umene unayamba kugwira ntchito mu 2014 ndipo Mozambique analowamo, umafuna kuti wotenga zamoyo zotere ayambe walandira chilolezo cha dziko lochokera ndi kugwirizana za kagawidwe ka phindu. Koma pepala la mgwirizano limathandiza pokhapokha ngati dziko lingasonyeze kuti bakiteriya wakuti anachokera pamalo akuti, tsiku lakuti, ndipo kope lake lamoyo likadali kuno.

Zimenezi zimafuna nkhokwe ya tizilombo, imene kwenikweni ndi firiji yozizira mpaka madigiri 80 pansi pa ziro, timabotolo ta glycerol woteteza tizilombo tikaundana, kaundula wolembedwa mosamala ndi magetsi osazimazima, kapena makina oumitsa tizilombo m'timachubu ta galasi kuti tisadalire firiji. Wophunzira akamaliza maphunziro n'kuchoka, mbale zake zikaumira pa shelefu, bakiteriya uja amatayika pamodzi ndi zonse zimene zinayesedwa pa iye, ndipo kubwerera ku ngalande yomweyo chaka chamawa sikutsimikizira kuti apezekanso. Chigawo chimene chili ndi damu la Cahora Bassa, lokhala ndi mphamvu yotulutsa mamegawati 2,075, sichiyenera kulephera kuyatsa firiji imodzi. Bakiteriya wa m'botolo la chakumwa chowonongeka uja anasungidwa m'nkhokwe ya ku Peoria, ndipo mbadwa yake, B-512F, ndi imene ikupangabe dextran wochuluka wa m'zipatala mpaka lero.